Buku Lakale la Kompyuta ndi Chitini cha ku Chipangali

Iwe Velonika, bwera nalo kuno bukulo. Ndati muchotse nyuzipepala zakale ndi mabotolo, sindinanene kuti mukagawire amayi a vitumbuwa chuma changa. Ndakumva uli kuseri kwa chitseko, usaganize kuti makutu anatha limodzi ndi mano. Wati buku la kompyuta likangokwana zaka zisanu limasanduka pepala lokulungira. Paja ndiwe wa kukoleji. Khalani pansi nonse pakhonde pano, mtedza uwu sudziswa wokha, ndipo manja akamagwira ntchito makutu amamva bwino.

Kunena zoona, Velonika sananame kwenikweni. Tsegulani pakatipo muone zithunzi. Makina amene ajambulidwamo ndi aakulu ngati kabati ya mbale, ndipo ngakhale tsiku lomwe bukuli linafika m'manja mwanga linali kale nkhalamba. Limanena za momwe ungatetezere kompyuta ndi zomwe zili m'kati mwake, koma makompyuta ake anali atafa kale kwawoko. Theka la masamba awa mungathe kukulungira vitumbuwa ndithu, sindingalire. Vuto ndi loti inu simudziwa theka lake ndi liti.

Inu mumandidziwa ngati ambuya a ndodo ndi mankhwala a miyendo. Koma ine ndinali mlembi wa pa parishi, ndipo ndinkayenda ndi nsapato za gogoda kuchokera kuno ku Nabvutika mpaka ku ofesi, fumbi kapena matope. Ndinaphunzira tayipi kwa masisitere ndili mtsikana wochokera kumudzi, ku Chipangali. Tayipiraita, ana inu, sinali ngati timafoni tanu tomwe mumasisita ngati mukunyengerera mwana. Inkafuna mphamvu. Ukalakwitsa chilembo chimodzi pa makope atatu a kaboni, unkayamba kupempherera amene anakuphunzitsa. Zala izi zinapindika chifukwa cha makina amenewo, osati ufiti monga amanenera Chikondi uyu.

Ntchito yanga yaikulu inali mabuku a ubatizo. Anali mabuku akuluakulu a zikuto zakuda, olembedwa ndi inki ndi ansembe komanso akatekisiti kuyambira amayi anga asanabadwe. Munali mayina a anthu a m'tauni ndi a m'midzi yonse yomwe parishi yathu inkayendera: dzina la mwana, la atate ake, la amayi ake, mudzi ndi tsiku. Munthu akafuna ukwati wa mu tchalitchi, ankabwera kwa ine. Nkhalamba ikafuna kudziwa zaka zake kuti ikatenge chitupa cha boma, inkabwera kwa ine. Anthu ambiri akumudzi analibe pepala lina lililonse padziko pano losonyeza kuti anabadwa. Koma mabukuwo anali atayamba kutha. Masamba ankathothoka ukawatsegula, inki inali itafufuma ndi chinyontho, ndipo chiswe chinali chitalawa kale m'mphepete.

Kompyuta inafika chaka chotsatira chija tinadya chimanga chachikasu chifukwa cha chilala. Abwenzi a parishi a kutsidya kwa nyanja ndiwo anaitumiza, m'makatoni atatu, ataiteteza ndi majuzi akale. Majuziwo anapita kwa a kwaya. Pansi pa katoni yomaliza panali bukuli, ndipo ndikhulupirira analiikamo kuti katundu asamagwedezeke. Wansembe wathu, Abambo Lungu, anaitanitsa katswiri wochokera ku Lusaka, aMwansa, kuti adzalumikize zingwe ndi kundiphunzitsa. Anali munthu wabwino, koma wodzimva, wa mafuta onunkhira mpaka kusakristiya. Atanyamula bukuli anaseka.

"Mami, iyi buku ni ya kudala maningi," anatero m'Chinyanja cha ku Lusaka, kutanthauza kuti ndi lakalekale. "Simuli olo liwu limozi la vairasi. Muzinkhalapo chabe, mupando wanu ni waufupi."

Ndipo ndinakhalapodi, chifukwa tebulo linali lalitali ndipo ine mukundiona kutalika kwanga. Miyezi itatu bukuli linagwira ntchito pansi panga. Mwaona pomwe chikuto chapindikira apa? Ndi ine ameneyo.

Abambo Lungu analamula kuti mayina onse a m'mabuku aja ndiwalowetse mu kompyuta, kuyambira tsamba loyamba. Zinanditengera zaka ziwiri ndi miyezi. Ndinaphunzira kuwerenga zolemba za ansembe omwe anamwalira kalekale, ena olemba ngati nkhuku yapalasa. Ndinadziwa zinsinsi za mabanja zomwe sindidzakuuzani ngakhale mutandigulira foni. Ndinapezamo ubatizo wa amayi anga. Ndinapezamonso mzere wina wokhudza banja la ambuya anu aamuna, womwe ndinaulemba koma sindinauze munthu. Tifikako, musandithamangitse.

Nthawi ya nkhomaliro ofesi inkatsekedwa ola limodzi. Kubwera kunyumba kunali kutali, choncho ndinkadya chinangwa changa chophika pomwepo. Tsiku lina, chifukwa chosowa chochita, ndinasolola bukuli pansi panga n'kuyamba kuwerenga. Chingerezi changa chinali cha Fomu 2, ndiye ndinabwereka dikishonale ya Abambo. Tsamba limodzi linkanditengera masiku awiri. Zambiri sindinkamva, za mawaya ndi zipinda zozizira ndi matepi ozungulira ngati mawilo a njinga ya mwana. Koma pakati pa zimenezo ndinayamba kuona kuti amene analemba bukuli sankaopa makina. Ankaopa moto, madzi, akuba, ndipo koposa zonse ankaopa anthu abwino a mu ofesi momwemo, amene amalakwitsa chifukwa cha ulesi kapena chifukwa cha chifundo.

Mutu wina unkanena kuti zonse zomwe zili m'makina uzikhala ndi kope lake lina, ndipo kopelo lisagone m'nyumba imodzi ndi makinawo. Nditamva bwino tanthauzo lake ndinaseka ndekha, chifukwa amenewo anali mawu a amayi anga. Kwathu ku Chipangali tikakolola mtedza, amayi ankasankha wa mbewu n'kuugawa pawiri. Thumba limodzi linkakhala kwathu, lina ankalitumiza kwa achemwali awo kutsidya kwa dambo. Ankati moto sufunsa kuti iyi ndi mbewu. Chaka china khitchini yathu inapsadi, ndipo tinabzala mtedza wochokera kutsidya. Ndiye ndinadabwa kuti mzungu wa magalasi amene ali kuseri kwa bukuli akulankhula ngati mayi wosaphunzira wa ku Chipangali.

Masiku amenewo tinkasungira zinthu m'madisiketi. Mukuwadziwa? Ayi, simungawadziwe. Kanthu kapulasitiki kaphwatalala, kukula ngati chikhatho cha Chikondi, kokhala ndi kachitseko kachitsulo. Mayina onse ankakwana m'madisiketi asanu ndi imodzi. AMwansa anandiphunzitsa kukopera mayina Lachisanu lililonse n'kuika madisiketiwo mu dirowa ya tebulo, pansi pa kompyuta pomwepo. Ine ndinapita kwa Abambo Lungu ndi bukuli m'manja.

"Abambo, buku likuti kope lina lizikhala kutali. Ndimati ndizipita nalo kumudzi."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Amake Dalitso, izi ni nkhani za Mpingo. Muli zinsinsi za anthu umu. Sizituluka pa geti. AMwansa anati dirowa ikwanira, ndipo iwo ndiye anaphunzira."

Anali ndi mfundo, sindikana. Bukulo lomwe linkanenanso kuti zinsinsi za anthu uzizitsekera. Koma ine ndinabadwa ndi liuma, mukudziwa komwe Velonika analitenga. Mu kabati munali bokosi la madisiketi atsopano omwe anabwera ndi kompyuta. Ndinatengamo asanu ndi imodzi, ndinakoperamo mayina, ndinawakulunga m'pulasitiki ndi m'chitenje, n'kuwaika m'chitini cha mabisiketi. Ambuya anu aamuna anabowola chitinicho n'kuikapo loko, ndipo kiyi ndinaimangirira ku korona yanga. Kumapeto kwa mwezi ndinakwera lole ya thonje kupita kwa mng'ono wanga Esinati.

Maulendo amenewo, ana inu. Unkakhala pamwamba pa mabelo opanda kanthu, chitenje kumutu, n'kufika uli wofiira ngati njerwa. Esinati ataona chitini cha loko anabwerera m'mbuyo.

"Achemwali, ngati ni mankhwala, m'nyumba mwanga ayi. Amuna anga ni a bungwe la tchalitchi."

Ndinamuuza kuti muli mayina a anthu, ndipo mpamene anaopa kwambiri. Ndinachita kulumbira pa korona. Potsiriza anavomera, n'kuchiika m'sutikesi ya zovala zake za ukwati, kutali ndi wailesi ndi dzuwa monga ndinamuuzira. Kuyambira pamenepo, pakapita miyezi iwiri ndinkapita ndi madisiketi atsopano n'kubwera ndi akale. Chaka chathunthu ndinachita zimenezo Abambo osadziwa, ndipo pokalapa ndinkanena machimo ena onse kupatula limeneli.

Nditamaliza kulemba, mabuku akale aja tinawaika m'bokosi kuchipinda chosungira katundu. Dzinja lotsatira denga linadontha ife osadziwa. Tsiku lomwe tinatsegula bokosilo tinapeza dothi ndi zikuto zokha, chiswe chitamangamo mudzi. Abambo Lungu anayang'ana m'bokosimo, kenako anati, "Mulungu ni wabwino, zonse tili nazo mu kompyuta." Kuyambira tsiku limenelo mayina a anthu onse aja analibe nyumba ina koma makina aja, dirowa ija, ndi chitini chomwe iwo sankachidziwa.

Tsopano ndikuuzeni za apongozi anga, aZulu, atate awo a ambuya anu aamuna. Chithunzi chawo ndi chija chili pamwamba pa wailesi, cha tayi. Anali mphunzitsi wamkulu wopuma, Mngoni weniweni, wosaseka pachabe. Ngakhale popita kudimba ankavala tayi. Inu masiku ano mumapatsana moni ndi apongozi mutaimirira, mwinanso kujambulitsa limodzi mutagwirana mapewa. Ife ayi. Ine ndikawaona akubwera ndinkapatuka panjira n'kugwada. Sindinadyepo pamaso pawo, sindinawayang'anepo m'maso, ndipo liwu loti ayi linali losatheka kutuluka pakamwa panga kupita kwa iwo.

Atapuma ntchito anayamba kulemba mbiri ya banja lawo m'makope a sukulu. Atamaliza anapita nayo kwa munthu wina kumashopu amene ankatayipira anthu makalata pa kompyuta. Makina ake osindikizira anali atafa, ndiye anawapatsa disiketi n'kuwauza kuti akasindikize kwina. Mmawa wina wa mu Januwale, mvula ikuwaza, ndinamva njinga ikutsamiritsidwa pakhoma.

"Odi, amayi."

Ndinatsika pampando n'kugwada. "Fikani, atate. Mwauka bwanji?"

"Tauka. Nabwera na kanchito kang'ono. Akuti makina anu angatulutse mapepala m'kanthu aka."

Anaika disiketi patebulo. Inali yakuda, yomatidwa ndi kapepala kofufutidwafufutidwa, kusonyeza kuti yalowa m'makina ambiri. Ndipo ine ndinkadziwa. Bukuli, ngakhale linalibe liwu loti vairasi monga ananenera aMwansa, linali ndi mutu wathunthu wonena kuti usalowetse m'makina chinthu chomwe sukudziwa komwe chachokera, ngakhale wabwera nacho ndi bwana wako. Ndinali nditadula mzere kunsi kwa mawu amenewo ndi pensulo. Ndinali nditabweza kale aphunzitsi awiri ndi mkulu wa kwaya. Koma wolemba bukuli analibe apongozi achingoni.

Ndinayesa kuzungulira. "Atate, makinawa lero akuoneka otopa."

"Palibe kanthu, nidikira apume."

Anakhala pabenchi, chipewa pabondo. Panja panali amayi atatu odikira makalata a ubatizo, onse akumvetsera. Kuwabweza pamaso pa anthu amenewo kukanamveka Nabvutika yense dzuwa lisanalowe, kuti mkazi wa mwana wa aZulu wayamba kunyada chifukwa cha kompyuta. Ndinatenga disiketi ija ndi manja awiri n'kuilowetsa. Ndisanasindikize n'komwe, magetsi anazima, monga ankachitira mvula ikangowaza. Atabwera ndinayatsanso makina, disiketi ija ili m'kati momwemo. Pambuyo pake ndinamva kuti pamenepo mpamene matenda analowera. Mapepala anatuluka bwinobwino, apongozi anathokoza, n'kupita ndi njinga yawo.

Masiku oyamba panalibe chodabwitsa. Lachisanu ndinakopera mayina m'madisiketi a mu dirowa monga mwa nthawi zonse, osadziwa kuti ndikuthira madzi oipa pa abwino. Sabata yotsatira mayi wina anabwera kudzafuna kalata ya mwana wake, ndipo pamalo pa dzina panatuluka tizilembo tosamveka. Ndinayesa dzina lina, chimodzimodzi. Mawa lake makina anakana kudzuka. Ndinakhala pampando uja, mvula ikugwa panja.

AMwansa anafika patapita masabata awiri. Anayesa izi ndi izi, anayesa madisiketi a mu dirowa imodziimodzi, kenako anapukusa mutu.

"Fada, vonse vayenda. Makina nizaikonza, koma maina kulibe. Nindani anangenesa disiketi ya kunja?"

"Ndine," ndinatero.

"Ya ndani?" anafunsa Abambo Lungu.

Ndinayang'ana pansi. Mkazi satchula apongozi ake pa mlandu. Abambo sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anakhala pabenchi paja n'kunena motsitsa, ngati akulankhula okha, kuti nanga nkhalamba za kumidzi akaziuza chiyani. Ndinawamvera chisoni kuposa momwe ndinadzimvera ndekha. Ndinadziwanso kuti kuti ndipulumutse mayina ndiyenera kuulula tchimo lachiwiri, ndipo mwina ntchito ithera pomwepo. Ndinagwada.

"Abambo, pali chitini ku Chipangali."

Ndinafotokoza zonse.

"Ninakuletsani."

"Munaniletsa, Abambo."

"Kuyambira liti?"

"Chaka chatha na miyezi."

Anavula magalasi n'kupukuta kumaso. "Za kusamvera tikamba bwino pambuyo. Pitani mukatenge."

Koma linali dzinja. Malole a thonje anali ataleka kuyenda, n'chifukwa chake chitinicho ndinali ndisanachikhudze kuyambira mvula isanayambe. Galimoto ya parishi inali pamiyala kudikira chitsulo. Madzulo ndinauza ambuya anu aamuna zonse, ndipo ndinawapempha kuti asakauze atate awo. Amuna, ana inu. Kutacha, ndikufika pa ofesi, ndinapeza njinga ija yatsamira kale pakhoma. Apongozi anali ataimirira pamaso pa Abambo Lungu, chipewa m'manja.

"Abambo, disiketi inali yanga. Mwanayu anayesa kunikaniza mwaulemu, ine sininamve. Zaka makumi atatu naphunzitsa ana kuti amene wataya choko ndiye akatole. Nipita naye."

Tinakwera basi ya msewu wa ku Lundazi, njinga pamwamba, iwo kutsogolo ine kumbuyo kwenikweni. Titatsika pamphambano tinayamba wapansi, chifukwa matope sanalole kupalasa. Tangoganizani ulendo wa maola ambiri ndi munthu amene sungayende naye pambali. Iwo patsogolo akukankha njinga, ine m'mbuyo mapazi khumi. Akaima, ine n'kuima. Njala itatipweteka anagula chimanga chootcha, n'kuika changa pa chitsa, n'kupita kukadyera kuseri kwa mtengo. Tsiku lonse tinalankhulana mawu osakwana khumi, koma sindinaonepo ulemu woposa umenewo.

Esinati atationa tonse awiri anaganiza kuti kwagwa maliro. Tinagona komweko, ndipo mmawa tinanyamuka ndi chitini. Usiku kunali kutagwa chimvula, ndipo kamtsinje komwe dzulo lake tinadumpha pamiyala kanali kadzaza mpaka m'chiuno. Ndinati tidikire madzi atsike. Apongozi anayang'ana kumwamba, mitambo ikusonkhananso. Anapinda thalauzi, ine n'kutembenukira kutchire monga mwa mwambo, ndipo nditacheuka ndinaona mphunzitsi wamkulu ali pakati pa madzi, tayi ili pakhosi, chitini cha mabisiketi chili pamutu atachigwira ndi manja awiri. Anachiika pouma, anabwerera kudzatenga njinga, kenako anadula ndodo yaitali n'kundigwiritsa nsonga yake kuti ndiwoloke osagwirana manja. Ndinaseka ndi kulira nthawi imodzi, iwo n'kumachita ngati sakumva.

Titafika ku parishi, aMwansa anali atatsuka makina, ali mbee opanda kanthu. Anatambasula dzanja kuti alandire disiketi yoyamba. Ndinakana. Bukuli linkanena kuti tepi yosungira zinthu uzichotsa kamphete kake usanaiike m'makina, kuti makinawo athe kuwerenga koma asathe kulembamo. Ife tinalibe matepi kapena timphete, koma ndinali nditafunsapo kale kuti pa disiketi chofanana nacho n'chiyani, ndipo anali kabowo kapakona kokhala ndi kotsekera. Ndinatsegula timabowo tonse tisanu ndi kamodzi ndi chikhadabo, kenako n'kuwapatsa.

"Mami, ivi munavipunzila kuti?"

"M'buku lija munati nizikhalapo."

Analowetsa yoyamba. Makina anayamba kulira kwake kuja, ngati mbewa ikukukuta chitseko, disiketi imodzi, yachiwiri, mpaka yomaliza. Kenako mayina anabwera, mzere pa mzere, kuyambira tsamba loyamba la ansembe akale aja. Tinataya a miyezi itatu yokha, ndipo amenewo akatekisiti anali akadali nawo m'makope awo.

Abambo Lungu anati tiyese ngati zonse zilidi bwino. "AZulu, tchulani dzina lililonse."

"Yesani langa, tione ana anga ngati alimo."

Apa mpamene ndinakumbukira mzere uja ndinakuuzani. Kwawo kwa ambuya anu aamuna anabadwa ana asanu ndi mmodzi, aliyense ankadziwa zimenezo. Ndinalemba dzina la apongozi pamalo pa atate, ndipo panatuluka mizere isanu ndi iwiri. Anawerama, anawerenga ndi chala, anabwerezanso.

"Makina alakwitsa. Uyu woyamba ni ndani?"

Makina sanalakwitse. Kalekale, apongozi ali kutali ku maphunziro a uphunzitsi, akazi awo anabereka mwana woyamba kumudzi. Anakhala masiku ochepa chabe. Khanda lotero linkaikidwa ndi amayi okhaokha, mwakachetechete, ndipo nkhani yake sinkakambidwanso. Apongozi analandira kalata yongoti mwana sanakhale. Chomwe sanadziwe n'choti katekisiti wa pamudzipo anathamanga n'kumubatiza asanatsirizike, n'kulemba m'buku. Apongozi anga aakazi anamwalira osanenapo kanthu. Ine ndinaona mzerewo ndikutayipa, koma nkhani yotero mkazi wa mwana angaiyambe bwanji kwa apongozi?

Abambo Lungu ndiwo anawafotokozera, akuwerenga mudzi, dzina la amayi ndi la katekisiti. Apongozi anakhala pansi pabenchi pang'onopang'ono. Thalauzi lawo linali likadali ndi matope a kumtsinje.

"Anali mkazi," anatero. "Zaka zonsezi sininadziwe kuti anali na dzina."

Anapempha kuti ndiwasindikizire. Ndinawapatsa pepalalo nditagwada, ndipo tsiku limenelo, kwa nthawi yoyamba, anandiyang'ana kumaso n'kunena kuti, "Zikomo, mwana wanga." Analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la malaya, ndipo mbiri ya banja ija anakailembanso kuyambira pachiyambi.

Ntchito sinathe. Chilango changa chinali choti chitini chizipita ku Chipangali pa galimoto ya parishi, ndipo Abambo anagula loko yaikulu kuposa yanga. Anandilemberanso chikwangwani pachitseko choti disiketi yakunja siloledwa mwa lamulo la wansembe, kuti wokana akhale pepala, osati ine. Zimenezonso zinali m'buku, kuti lamulo lizilembedwa lisanafike tsiku la manyazi, koma ndinali ndisanafike pa tsamba limenelo. Nditapuma ntchito anandipatsa bukuli kuti likhale langa.

Ndiye mukandifunsa ngati buku lakale la kompyuta lili ndi ntchito, yankho langa ndi loti makina ake anafa, koma anthu ake akadali moyo. Mukadali ndi abale amene simungawakanize akabwereka foni. Mukadauzana manambala achinsinsi chifukwa cha chikondi. Iwe Chikondi, zithunzi za ukwati wa amayi ako zinapita ndi foni ija inagwera m'chitsime, kope lina linali kuti? Zatsopano phunzirani, ine ndimanyadira mukamalankhula zinthu zomwe sindizimva. Koma chakale muzichitsegula kaye musanachipereke kwa a vitumbuwa.

Apongozi anakhala zaka zina zingapo, mpaka maso anachita khungu. Mwana wanga Dalitso atabereka mwana wake woyamba, tinapita naye kwa iwo kuti akamutche dzina, monga amachitira kwa Angoni. Anamunyamula, anafunsa ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Titawauza, anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa pepala lija, litatha m'mopindamo. Sakanatha kuliwerenga, ndipo sanafunikire kutero.

"Uyu ni Velonika," anatero, kutchula dzina lomwe linali pa pepalapo. "Wachiwiri. Uyu akhala."

Ndipo wakhaladi, mpaka kukoleji, mpaka kufuna kugulitsa buku la ambuya ake. Pukuta m'maso, iwe, ukudonthezera mtedza. Tenga bukuli ukaliike pamwamba pa kabati, pomwe chiswe sichifika.